Luso lochepetsa zithunzi

Wojambula akabwerako ku ukwati ndi zithunzi 400, chilichonse cholemera mamegabaiti 5, sathamangira kuziika pa intaneti. Amayamba wazichepetsa kaye. Munthu ameneyu ndimamuvulira chipewa, ngakhale kuti ntchito yakeyo palibe amaiona.

Choyamba amakopera zithunzizo mufoda ina, poti lamulo la mogrify la mu pulogalamu ya ImageMagick limafufuta zoyambirira osafunsa n'komwe. Kenako mzere umodzi basi: m'lifupi mapikiselo 1200, kwalite 80. Tiyi asanazizire, zonse zatheka.

Luso lagona pa 80 paja. Ukatsitsa kwambiri, nkhope ya mkwatibwi imachita timabokosi, lesi ya diresi n'kusanduka phala. Ukakweza, azakhali kumudzi bandulo imawathera asanaone ngakhale keke.