Zomwe Lumo Linachotsa mu The Crimson Ghost

Nyengo yachisanu yapitayi ndinadzipatsa lamulo: Loweruka lililonse, m'kachipinda kanga ku Scarborough, ndizionera gawo limodzi lokha la The Crimson Ghost, osapitirira. Filimuyi inapangidwa ndi kampani ya Republic mu 1946, motsogozedwa ndi William Witney ndi Fred C. Brannon, ndipo ili ndi magawo 12. Umu ndi momwe anthu ankaonera mafilimu otere kalelo m'nyumba za kanema za m'madera, zonga Revue ya pa msewu wa Roncesvalles kuno ku Toronto, yomwe inatsegulidwa mu 1912: gawo limodzi pa sabata, kenako kwanu.

Nkhani yake njosavuta. Chigawenga chovala chigoba cha chigaza chikufuna kuba Cyclotrode, makina otha kuzimitsa chilichonse choyendera magetsi. Duncan Richards ndi Diana Farnsworth akuchisaka. Chomwe chimakoka mtima n'chakuti chigawengacho ndi mmodzi wa mapulofesa amene amakhala nawo pa msonkhano, akugwedeza mutu ngati wosalakwa.

Mu 1966 filimuyi inadulidwa kuti ikwane mphindi 100 za pa wailesi yakanema, n'kupatsidwa dzina latsopano, Cyclotrode X. Mafilimu 26 a Republic anadulidwa motero chaka chimenecho. Odulawo sindiwanena kuti analakwa pa zonse. Magawo oyambirira aja amabwerezabwereza: lililonse limayamba ndi kukumbutsa zomwe zinachitika, ndipo nkhonya zina zimafanana moti ukhoza kupita kukateleka tiyi osaphonya kanthu. Ngakhale chinyengo chilimo. Mwambo wa mafilimu amenewa unali wakuti sabata ino galimoto igwere kuphompho munthu ali momwemo, sabata yamawa akuonetse kuti anali atadumpha kale.

Koma chinyengocho chimafuna masiku asanu ndi awiri kuti chigwire ntchito. Ukalumikiza ngozi ndi chipulumutso popanda mpata, mantha sapeza pokhala. Munthu wagwa, wadzuka, wagwanso. Filimu yodulidwayo imathamanga, koma imathamanga ngati minibasi yopanda anthu. Funso lakuti wavala chigobacho ndani nalonso limafota. Ine ndinatha masabata atatu ndikukayikira pulofesa wolakwika, ndikumuweruza m'basi ya TTC popita kusukulu. Woonera mphindi 100 alibe nthawi yolakwitsa chonchi, ndipo m'nkhani ya chinsinsi kulakwitsako ndiko gawo la woonera.

Pa Chichewa timati kusiya munthu m'malere. Nthawi zambiri mawuwa ndi odandaula, koma amene anakula akudikirira Zimachitika pa wailesi kapena Tikuferanji pa kanema akudziwa kuti m'malere muli kukoma kwake. Sewero linkapitirira mawa lake pa mjigo ndi pa msika, aliyense akulosera zake. Agogo anga nawonso ankadula nthano pakati tulo tikayamba kutigwira, ndipo ife tinkagona tikukangana za Kalulu.

N'chifukwa chake m'kalasi la chiyankhulo ndingasankhe magawo 12 aja, ndi zobwereza zake zomwe. Wophunzira amamva chinthu kawiri, kenako n'kufotokoza m'Chichewa amene akumuganizira ndi chifukwa chake. Nditayesa ndi anzanga awiri ophunzira, mawu oyamba amene anandipempha anali "ndikukayika".