Kony wa pakanema ndi Kony wa pakhomo

Sabata yathayi ndamaliza kuwerenga buku la Evelyn Amony, I Am Evelyn Amony (2015), ndipo landikumbutsa filimu ija ya Kony 2012. Mukuikumbukira? Ya mphindi 30, ya bungwe la ku America la Invisible Children, yomwe inaonedwa maulendo 100 miliyoni pasanathe sabata. Cholinga chake chinali kumutchukitsa Joseph Kony kuti agwidwe. Kutchuka anatchukadi, koma kugwidwa ayi.

Kwa amene simukumudziwa, Kony ndi wa mtundu wa Acholi, wa ku Odek kumpoto kwa Uganda. Gulu la Alice Lakwena litagonjetsedwa mu 1987, iye anatsogolera lake, lomwe linadzatchedwa Lord's Resistance Army. Ankati mizimu imalankhula kudzera mwa iye, komanso kuti Uganda iyenera kulamulidwa ndi Malamulo Khumi. Chonsecho asilikali ake ankadula anthu milomo ndi makutu, n'kumaba ana. Mu 2005 khoti la ICC linalamula kuti amangidwe.

Filimu ija sinaname za nkhanzazi. Vuto langa ndi lakuti inasandutsa nkhaniyi nthano ya kalulu ndi fisi. Wopanga filimuyo, Jason Russell, akuonetsa mwana wake wamng'ono chithunzi cha Kony kuti adziwe munthu woipa, basi, ndipo ife oonera akutiyesanso ana. Zoti gulu la Kony linali litachoka kale mu Uganda cha mu 2006 amangozilambalala. Zoti boma linaunjika anthu oposa 1 miliyoni m'misasa momwe ambiri anafa ndi matenda, zii. N'chifukwa chake ataionetsa ku Lira, anthu amene anazunzikawo anakwiya mpaka kugenda miyala.

Amony anabedwa mu 1994 ali ndi zaka 11. Anayamba ndi kulera ana pakhomo pa Kony, kenako anakakamizidwa kukhala mkazi wake n'kumuberekera ana. Kony wa m'bukumu amadya, amadwala, amapemphera, amaweruza mikangano ya mitala. Nthawi zina amamuteteza mtsikanayu kwa anthu ofuna kumupweteka, mwiniwake yemweyo amene anamugwirira. Abale, zimenezi ndiye zinandiopsa kuposa chithunzi chija. Chilombo cha m'nthano umachithawa ukangochiona. Nanga munthu amene akukuzunza uku akutchula Mulungu, n'kukhalanso bambo wa ana ako, umamuthawa bwanji mumtima?

Bukuli silikondera mbali. Mwana mmodzi wa Amony anasowa pamene asilikali a boma anaukira msasa wawo. Ndipo iye atabwerera kwawo, ena ankamuloza chala kuti mkazi wa Kony, ngati anachita kudzisankhira.

Pofooka pake palipo. Amony anafotokoza m'Chiacholi, ife tikumva kudzera mwa omasulira ndi mkonzi Erin Baines, ndiye kakomedwe ka mawu ake kanatayikako m'njira. Penanso mayina a akuluakulu a asilikali ndi malo amachuluka mpaka mutu kuzungulira. Komabe ndi bwino kusochera m'nkhani ya mwini wake kusiyana ndi kuyenda mumsewu wosalala wa mlendo.

Chondiwawa n'chakuti dzina la Kony timalidziwa tonse, pomwe la Amony ndalidziwa chaka chino. Mukalipeza bukuli, liwerengeni, kenako mudzandiuze pansipa ngati filimu ija mungaionerenso ndi maso omwe aja.