Mabuku a Pansi pa Mtsamiro

Aliyense amene adagonapo m'nyumba zogona ana a sukulu, kaya ku sekondale kaya ku seminale yaing'ono, akudziŵa kuti mabuku alipo a mitundu iŵiri. Alipo amene timawanyamula poyera, dzina likuoneka, kuti aphunzitsi atione. Alipo enanso amene amagona pansi pa mtsamiro, chikuto chitang'ambika, masamba atada ndi manja a anthu ambiri. Oyambawo timawalemekeza, koma achiŵiriwo ndiwo timawamaliza. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mabuku a pansi pa mtsamiro adali a James Hadley Chase, a Mills & Boon, ndi a Pacesetters amene kampani ya Macmillan idayamba kusindikiza mu 1977. Ku Mulanje, monga kwina konse, ankangobwerekanabwerekana pakati pa aphunzitsi, anamwino, akalaliki a m'minda ya tiyi ndi ana a sukulu, ndipo wobwereka ankapatsidwa usiku umodzi wokha chifukwa ena adali kudikira.

Funso limene ndifuna tilingalire ndi ili: kodi n'koyenera kuti wansembe, kapena mnyamata amene akukonzekera unsembe, aziŵerenga nthano zopeka za chikondi, za ofufuza milandu, ndi za sayansi ya m'tsogolo? Nanga ataziŵerenga, angathe kuima pamaso pa achinyamata a m'parishi nanena kuti, ili ŵerengani? Ine ndikuti inde, malinga aŵerenge poyera ndipo akhale ndi muyeso woyesera.

Otsutsa ali nazo mfundo, ndipo si zopepuka. Amati nthaŵi ya mseminale ndi yochepa. Amati nthano za chikondi zimautsa zilakolako mwa munthu amene akukonzekera kukhala wosakwatira. Ndipo amatikumbutsa za Ignatius Woyera wa ku Loyola. Mu 1521, atavulala mwendo pa nkhondo ya ku Pamplona, iye adagona miyezi kwawo napempha mabuku amene ankawakonda, nthano za ankhondo a pa akavalo omenyera ulemu wa akazi okongola. M'nyumbamo mudalibe otere, tsono adampatsa buku la moyo wa Khristu ndi la mbiri za oyera, ndipo adatembenuka mtima. Otsutsa amalekeza pomwepa, koma nkhaniyi imapitirira. Ali chigonere adazindikira kuti maganizo ena amamkondweretsa pamene akuwalingalira, koma akapita amamsiya wouma ndi wosakhutira, pamene ena amamsiyira mtendere ngakhale atapita. Apa ndi pamene padayambira chiphunzitso chake cha kusiyanitsa mizimu. Komanso mu 1522, ku Montserrat, adachezera usiku wonse pa guwa la Amayi Maria napachika lupanga lake, mwambo umene, monga adavomera yekha, adautenga m'nthano zomwe zija za ankhondo. Nthanozo sizidamsandutse woyera, koma zidampatsa njira yoyankhira pamene adaitanidwa.

Muyeso wathu ukhale womwewo. Buku lisayesedwe ndi chikuto chake, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo buku la chikuto cholemekezeka lingathenso kukhala lopanda kanthu. Liyesedwe ndi zimene latsala nazo mu mtima patapita masiku aŵiri chilitsekere. Kodi tikuwaona anthu mwachifundo koposa kale, kapena tikuwaona ngati zinthu zogwiritsa ntchito? Kodi latidzutsa kapena latiledzeretsa?

Papa Francis, amene mu 1964 ndi 1965 adaphunzitsa za mabuku pa sukulu ya a Jesuit ku Santa Fe m'dziko la Argentina, adalemba kalata pa 17 Julaye 2024 yonena za malo a mabuku a nthano ndi ndakatulo m'maphunziro a ansembe ndi a akhristu onse. Adadandaula kuti m'maseminale mabuku otere amayesedwa zongotayira nthaŵi. Adasimbanso kuti ophunzira ake atakana buku lakale limene lidali pa ndondomeko, iye adalola kuti alitengere kunyumba, ndipo m'kalasi ankakambirana za alembi amene anyamatawo ankawakonda. Potero adafika pokonda mabuku ena onse. Phunziro lake n'lakuti kukonda kumatsogola, kuweruza kumatsatira. Amene sadachezerepo usiku pofuna kudziŵa mathero a nthano sangathe kulangiza bwino amene amachezera.

Tiyambe ndi nthano za ofufuza milandu, popeza phindu lake ku Mulanje silifuna kufotokoza kwambiri. Mu Seputembala 2017 mphekesera ya anamapopa idabuka m'bomali ndi kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu angapo adaphedwa ndi makamu okwiya popanda umboni, alendo ankaimitsidwa m'misewu, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe kwa kanthaŵi. Mu 2002 mphekesera yomweyi idamenyetsa ansembe atatu m'chigawo cha kummwera. Tsono mphekesera nayonso ndi nthano: ili ndi usiku, mantha ndi munthu woipa. Chimene ilibe ndi wofufuza, munthu wodekha wofunsa kuti, adaona ndani ndi maso ake? Idali nthaŵi yanji? Akupindula ndani munthuyu akaphedwa? Woŵerenga mabuku a Agatha Christie amaphunzira mosazindikira kuti woyamba kulozedwa chala kaŵirikaŵiri sakhala wolakwa.

Luso limeneli si lachilendo kwa ife. Pa mutu 13 wa buku la Danieli khamu lidali litaweruza kale Suzana ndi kumtengera kokaphedwa, pamene mnyamata Danieli adapatula akuluakulu aŵiri omneneza nafunsa aliyense payekha kuti adamuona pansi pa mtengo wanji. Mayankho adasiyana, ndipo mkaziyo adapulumuka. G. K. Chesterton, amene mu 1911 adatulutsa buku loyamba la nthano za Father Brown, adasankha wansembe kukhala wofufuza wake, wansembe wodziŵa kuipa kwa mtima chifukwa chomva kulapa kwa anthu, ndipo m'nthano zambiri ndiye yekha amakana kufulumira kunena kuti izi n'zamizimu. Bambo Ronald Knox, amene adamasulira Baibulo lonse m'Chingerezi, adalembanso nthano za milandu, ndipo pa malamulo khumi amene adapatsa alembi mu 1929 pali lakuti mlandu usathetsedwe ndi zamatsenga. Sindikunena kuti buku likadaletsa khamu mu 2017. Ndikunena kuti wansembe amene adzaitanidwa pamene gogo wina akunenezedwa ufiti afunika chizoloŵezi cha Danieli, ndipo chizoloŵezi chimabwera ndi kubwerezabwereza. Safunsa adadya phula.

Si onse a mtundu uwu amene amakwana pa muyeso. Chase adali katswiri woyendetsa nkhani mofulumira, ndipo amene adamŵerenga sangakane kuti ankakoma. Koma ukamaliza mabuku ake atatu kapena anayi umatsala ndi maganizo akuti munthu aliyense ali ndi mtengo wake ndipo mkazi ndi msampha kapena mphotho. Kwa wachinyamata ndingapereke Christie, Chesterton, kapena buku la Alexander McCall Smith la mu 1998, The No. 1 Ladies' Detective Agency, lonena za mayi wa ku Botswana amene amafufuza milandu ya m'mabanja ndi m'midzi yofanana ndi yathu, ndipo amafuna kukonza koposa kulanga.

Nthano za chikondi ndizo zimaopedwa kwambiri pakati pathu, chonsecho gawo lalikulu la ntchito ya wansembe ndi milandu ya chikondi: zitomero zosweka, maukwati ogwedezeka, ana osiyidwa. M'midzi yambiri ya ku Mulanje ukwati ndi wa chikamwini. Mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo banja likavuta, kapena ntchito ikamuitanira ku Blantyre ngakhale ku Joni, iye amanyamula chikwama, ana n'kutsala ndi mayi. Aubrey Kalitera, amene ankasindikiza yekha mabuku ake ku Blantyre pa dzina la Power Pen Books, adakhudza bala limeneli mu 1982 m'buku lake Why Father Why, lodzudzula abambo othaŵa ana awo. Kalembedwe kake n'kothamanga, ndipo zinthu zambiri zimangochitika mwamwayi, koma anthu ankalilimbirana chifukwa ankadziona m'menemo. M'Chicheŵa tili ndi Mkwatibwi Wokhumudwa la P. P. Litete, Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba, ndi Madzi Akatayika la Willie Zingani, amene maina ake okha akusonyeza kumene mtima wa oŵerenga athu uli. Tisaiŵalenso kuti Popular Publications ya a Montfort ku Limbe, imene inkatulutsa magazini ya Moni, idasindikiza alembi a kuno m'ndandanda wa Malawian Writers Series kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Amene adatitsogolera sadaope nthano.

Chilema cha nthano za Mills & Boon ndi zofanana nazo si chakuti zimanena za chikondi. Chilema chake n'chakuti zimathera pa tsiku la ukwati, pamene ntchito yeniyeni ya banja ikuyamba kumene, ndiponso kuti kaŵirikaŵiri mtsikana wosauka amapulumutsidwa ndi mlendo wachuma. Mtsikana wa m'malaini a pa esiteti amene waŵerenga makumi aŵiri a nthano zotere angayambe kudikira mwamuna wa galimoto, ndipo amuna a galimoto oti amunamize sasoŵa. Wansembe amene sadaŵerengepo ngakhale imodzi sangadziŵe loto limene akulimbana nalo. Kwa aseminale eni ake ndingapereke buku la Alessandro Manzoni wa ku Italy, I Promessi Sposi, limene lidatuluka koyamba mu 1827 ndipo lilipo m'Chingerezi pa dzina la The Betrothed. Ndi nthano ya Renzo ndi Lucia, anthu wamba ofuna kukwatirana, amene ukwati wawo ukulephereka chifukwa bambo mfumu wawo, Don Abbondio, waopsezedwa ndi zigaŵenga za munthu wamphamvu ndipo wachita mantha. Masautso onse a m'bukumo akuyambira pa mantha a wansembe mmodzi. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Nthano za sayansi ya m'tsogolo ndizo zosazoloŵereka kuno, ndipo ambiri amaziyesa za zombo zouluka ndi zilombo za ku nyenyezi basi. Koma funso lake lenileni ndi lakuti, tikapitirira chonchi, zidzatha bwanji? Anthu okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje ali ndi chifukwa chofunsira funsoli. Mu Malichi 1991 Napolo adatsika ku Phalombe, kumene pa nthaŵiyo kudali mbali ya boma la Mulanje. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adagumula mapiri napha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera. Ndipo mkungudza wa m'phirimo watsala pang'ono kutha ndi macheka. Munthu amene sangathe kuona m'maganizo mwake mudzi wa zidzukulu zake sangaleke kudula mtengo lero. Shadreck Chikoti, m'buku lake la mu 2015, Azotus the Kingdom, akutitengera ku Africa wa zaka 500 zikudzazo, kumene anthu amapatsidwa zonse zofunika koma aliyense amakhala yekha m'nyumba mwake osadziŵa ufulu. N'kovuta kulimaliza osadzifunsa ngati kukhuta ndiko kukhala munthu. Buku la Walter M. Miller la mu 1959, A Canticle for Leibowitz, likusimba za amonke amene, dziko litaonongeka ndi nkhondo ya mabomba a nyukiliya, akusunga ndi kukopera zolembedwa zimene iwo eni sakuzimvetsa, mpaka anthu adzaphunzirenso sayansi ndi kubwereza tchimo lomwelo. Mseminale amene waliŵerenga adzamva phunziro la tchimo loyamba ndi makutu atsopano.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, mabukuŵa atuluke pansi pa mtsamiro, aikidwe m'chipinda chochezera, kuti azikambidwa poyera pakati pa ophunzira ndi aphunzitsi awo. Chobisika ndicho chimavunda. Chachiŵiri, akhale ndi nthaŵi yake, pakuti ndiwo sizilowa m'malo mwa nsima, ndipo amene wasiya Malembo Oyera chifukwa cha Christie walakwira onse aŵiri. Chachitatu, tisavomereze kapena kuletsa buku limene sitidaliŵerenge, ndipo tisapatse aliyense buku limodzimodzi, chifukwa loyenera mphunzitsi wa zaka 40 silingayenere mwana wa Fomu 1. Lero achinyamata ambiri amapeza nthano zawo pa foni ndi m'mafilimu omasuliridwa m'Chicheŵa koposa m'mabuku, koma njala yake ndi yomwe ija, ndipo muyeso wa Ignatius ukugwirabe ntchito.

Inu amene maŵa mudzatumidwa ku maparishi a m'tsinde mwa Sapitwa mudzapeza kuti anthu anu ali nazo kale nthano, zabwino ndi zoipa, ndipo zina mwa izo zimapha. Mukadzaona mnyamata akubisa buku m'malaya, musadzamlande. Mudzamfunse kuti wafika pati, ndi ndani amene akumkayikira, ndipo akamaliza adzakubwerekeni.