Maliro a Chinjira Akusowa Wolira

Ndakatulo zambiri zodandaula za chikhalidwe zimene timamva pa wailesi zimakhala ngati zatuluka pakamwa pamodzi. Mlakatuli amayamba ndi siketi yaifupi, n'kupita pa buluku la mtsikana, n'kudzamalizira pa foni. Ine ndikamamvetsera ndimaona ngati anzathuwa alowa pa siwa yolakwika.

Za zovala tinaziyesa kale. Lamulo la 1973 linaletsa amayi kuvala buluku ndi masiketi aafupi kwa zaka pafupifupi 20, koma sindinamvepo wina akunena kuti nsalu yaitali inawonjezera chikondi pakati pathu. Magule nawo sanafe. Bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu mu 2005, ndipo mwezi wa Ogasiti anthu amakhamukira ku Mkaika, m'dziko la Zambia, ku mwambo wa Kulamba.

Chimene chikutha mwakachetechete ndi ubwenzi wa pangano, monga chinjira. Amayi awiri osakhala pachibale ankasankhana, n'kumapatsana mbale, chitenje kapena nkhuku, mudzi wonse n'kudziwa kuti uje ndi mnjira wa uje. Mmodzi akadwala, mnzakeyo ndiye ankatunga madzi ndi kusinja. Kukagwa zovuta ankafika asanaitanidwe, n'kudzachoka anthu onse atabalalika. Ubwenzi wotere unkadya nthawi, ndipo nthawiyo ndi imene ife a m'tauni tikuumira nayo. Ku ofesi kwathu kukamveka uthenga wa maliro pepala limazungulira, ena amatumiza chipepeso pa Mpamba kapena Airtel Money, n'kulemba mawu awiri pa WhatsApp. Ndalamayo ndi yofunika, bokosi ndi galimoto sizitsika mtengo chifukwa cha misozi. Koma ogona pa siwa akucheperachepera, ndipo mnzako amene unkadya naye mgaiwa kusukulu yogonera umangomudziwira pa chithunzi.

Nanga bwanji alakatuli athu sakhudza zimenezi? Ndikuganiza kuti siketi ndi yosavuta kuidzudzula chifukwa wavala ndi mwana wa wina. Nkhani ya chinjira imafuna anthu awiri okhala ndi maina, mudzi wawo, ndi tsiku limene mmodzi anadikira mnzake mpaka dzuwa kulowa. Ndakatulo yotero siingalembedwe ndi mawu akuti "makolo athu" okha, ndipo mwa zimene ndamva pa wailesi, sindinakumanebe nayo.