Mndandanda wa Ozzie Newsome

Kumapeto kwa Epulo chaka chilichonse, ligi ya mpira wa ku America ya NFL imachititsa mwambo umene anthu amadzaza misewu koma mpira osaponyedwa ngakhale kamodzi. Amautcha draft. Matimu onse 32 amagawana anyamata ochokera m'mayunivesite, mmodzimmodzi, ndime ndi ndime, kwa masiku atatu. Timu imene inathera pansi chaka chathacho ndiyo imayamba kutola, akatswiri n'kutsekera. Mu 2024 mwambowu unachitikira ku Detroit, ndipo anthu oposa 700,000 anafika pa masiku atatuwo kudzaonera bambo wovala suti akuwerenga mayina pakapepala. Bamboyo ndi Roger Goodell, mkulu wa ligiyo, ndipo amayamba kumukuwiza asanayasamule n'komwe.

Kukuwiza kwa masapota sikuchokera mu umbuli. Munthu amene wakhala miyezi inayi akuonera timu yake ikulowedwa pamalo amodzimodzi amadziwa bwino pamene pali pofooka, ndipo pa draft amafuna dzina limene litseke pamenepo. Nthawi zina amalondola. Mu 1995 masapota a New York Jets anakuwa dzina la Warren Sapp mpaka kusasa mawu, timu yawo n'kutenga Kyle Brady pa nambala 9. Sapp anapita ku Tampa Bay, ndipo lero ali m'nyumba ya akatswiri osaiwalika ya Hall of Fame. Nthawi zina amaphonya mochititsa manyazi. Mu 1999 kagulu ka masapota a Philadelphia Eagles kanakwera basi kupita ku New York kukalandira Ricky Williams, ndipo atamva kuti timu yatenga Donovan McNabb anamukuwiza mnyamatayo pamaso pa dziko lonse. McNabb yemweyo anadzawatengera ku Super Bowl, masewero otsiriza olimbirana chikho cha ligiyo.

Pakati pa phokoso lonseli panali munthu wina wofatsa, wosakonda makamera, amene kwa zaka zoposa 20 ankachita ntchito yosankhayi ngati mmisiri. Ozzie Newsome anabadwira ku Muscle Shoals m'chigawo cha Alabama mu 1956. Anasewerera Cleveland Browns kuyambira 1978 mpaka 1990 ngati tight end, wosewera amene amatchinga komanso kuwakha mpira, ndipo anawakha mipira 662. Atapachika nsapato sanathamangire pa wailesi ya kanema monga amachitira anzake ambiri otchuka. Analowa m'zipinda zakumbuyo za timu yomweyo, m'nthawi ya mphunzitsi Bill Belichick, n'kuyamba kuphunzira ntchito yotopetsa yoonera mafilimu a masewero ndi kulemba malipoti. Mu 2002 anakhala munthu wakuda woyamba kupatsidwa udindo wa general manager, mkulu wosankha osewera a timu, mu NFL. Koma luso lake linali litaonekera kale, tsiku limodzi la mu Epulo 1996.

Chaka chimenecho mwini Browns, Art Modell, anali atasamutsa timu yake kuchoka ku Cleveland kupita ku Baltimore, mzinda umene unalandidwa timu ya Colts mu 1984 ndipo unakhala zaka 12 ukudandaula. Dzina latsopano la timuyo loti Ravens linali la milungu yochepa, yunifomu inali isanaonetsedwe. Timu yotere imafuna munthu wogulitsa matikiti, wothamanga ndi mpira mpaka bwalo lonse kuimirira. Munthuyo analipo: Lawrence Phillips wa ku Nebraska, running back wa mphamvu zoopsa. Modell ankamufuna. Timu inalidi ndi njala pamalo amenewo. Pamene panalibe njala ndi pa offensive tackle, zimphona ziwiri zimene zimaima kumapeto kwa mzere kutchinga kuti quarterback, woponya mpira uja, asagwetsedwe. Kumanzere kunali Tony Jones, kumanja Orlando Brown, onse odalirika.

Nambala 4 itafika, Newsome, ali ndi zaka 40 komanso ali pa draft yake yoyamba, anasankha Jonathan Ogden wa ku UCLA, tackle wakumanzere wotalika kupitirira mamita awiri. Anatenga munthu wa pamalo pamene panali podzaza kale, wa ntchito imene wailesi ya kanema siisonyeza pokhapokha walakwitsa, ndipo anatero mwini timu akufuna wina. Chifukwa chake chinali chimodzi: pa mndandanda umene iye ndi anthu ake anakonza, dzina la Ogden linali pamwamba pa mayina onse otsala. Chaka choyamba Ogden anasewera pa guard, malo oyandikana nawo, poti pake panali mwini. Mu 1997 Tony Jones anagulitsidwa ku Denver, Ogden n'kukhala pampando wake mpaka 2007. Phillips, amene anali ndi mlandu womenya mkazi ali ku yunivesite, anatengedwa ndi St. Louis Rams pa nambala 6, ndipo sanamalize nawo zaka ziwiri.

Tsiku lomwelo, pa nambala 26, Newsome anatenga Ray Lewis wa ku Miami, linebacker amene matimu ena ankati ndi wochepa thupi. Anthu awiri oyamba amene Ravens inasankha chiyambire, onse ali mu Hall of Fame, Ogden mu 2013, Lewis mu 2018.

Mndandandawo ndiwo ntchito yeniyeni, ndipo umapangidwa kutali ndi phokoso. Miyezi ya masewero a m'mayunivesite, ofufuza osewera a timu amakhala pamsewu, aliyense chigawo chake. Amaonera maphunziro a timu, amabwereza mafilimu, amacheza ndi makochi, ndi azachipatala, ngakhale ndi osamalira zovala, amene nthawi zambiri amadziwa mnyamata waulesi kuposa mphunzitsi wamkulu. Kenaka pamabwera misonkhano ya masiku ambiri pamene dzina lililonse limakambidwa ndi kupatsidwa malikisi. Matimu ambiri amalipira mabungwe ofufuza osewera n'kumagawana malipoti amodzimodzi. Ravens inasankha kudalira maso a anthu akeake, achinyamata olembedwa pa malipiro ochepa n'kuleredwa m'nyumba momwemo kufikira atadziwa mtundu wa wosewera amene timuyo imafuna. Amene anagwira ntchito ndi Newsome amagwirizana pa chinthu chimodzi: m'misonkhanoyi ankayankhula pang'ono, n'kumamvetsera kwambiri. Mkangano wonse unkathera m'chipindamo, masiku a draft asanafike.

Apa ndi pamene ine ndimamugomera. Kukonza mndandanda aliyense amakonza. Kuutsatira wotchi ikuwerenga, mafoni akulira, mwini timu ali pambali pako, ndi nkhani ina. Munthu wolowa mumsika ali ndi njala amagula chimene chili pafupi, ndipo akafika kunyumba ndi pamene amaona kuti wapereka ndalama ya nyama pogula zitumbuwa. Timu imene ikusowa quarterback imayamba kuona quarterback wabwino pamene palibe. Malikisi amene anaperekedwa mitu ili yozizira mu Febuluwale amayamba kukwera okha usiku wa draft. Newsome ankadziwa kuti kusowa kwa lero sikukhalitsa, chifukwa m'masewero amenewa anthu amavulala sabata iliyonse ndipo makontrakiti amatha, pamene wosewera wapamwamba amakhala nawe zaka khumi. Sapota amaona timu ya mu Seputembala akubwerayu. Iye ankaona timu ya zaka zitatu kutsogolo.

Zipatso zinabwera msanga. M'nyengo ya 2000 otchinga kumbuyo a Ravens, motsogozedwa ndi Lewis pamodzi ndi Peter Boulware ndi Chris McAlister, amenenso anawasankha yekha, analola mapointi 165 okha pa masewero 16, ndipo timuyo inaswa New York Giants 34-7 pa Super Bowl. Mu 2002, pa nambala 24, anatenga Ed Reed wa ku Miami, ndipo mu Baltimore munalibe chikondwerero chilichonse. Reed anadzalanda mipira 64 ya adani pa moyo wake wonse wa masewero, wina n'kuthamanga nawo mayadi 107 mpaka kukagoletsa. Nayenso ali mu Hall of Fame.

Tisamusandutse mneneri. Mu 2003 mwayi unamuthandiza, kenaka iye yekha n'kudzipunthwitsa, zonsezi tsiku limodzi. Ravens inkafuna kukwera kuchoka pa 10 kupita pa 7 kuti itenge quarterback Byron Leftwich, koma mgwirizano wake ndi Minnesota Vikings sunafike ku ligi nthawi isanathe. Jacksonville inathamangira kutenga Leftwich, ndipo Ravens inatsala pa 10 pomwepo n'kutola Terrell Suggs, amene anadzakhala mmodzi mwa ogwetsa ma quarterback oopsa kwambiri m'mbiri ya timuyo. Njala ija koma sinathe. Patangopita maola ochepa Newsome anapereka kwa New England mwayi wake wa ndime yoyamba wa chaka chotsatira kuti atenge quarterback Kyle Boller pa nambala 19. Boller sanakhazikike. New England inagwiritsa mwayi umenewo kutenga Vince Wilfork, amene anaitumikira zaka 11. Tsiku limene mmisiriyu anamvera njala, analipira ngati wina aliyense.

Palinso chodabwitsa china. Munthu amene anatchuka ndi kuwakha mpira ankavutika kusankha owakha mpira. Travis Taylor mu 2000, Mark Clayton mu 2005, Breshad Perriman mu 2015, onse a ndime yoyamba, palibe anafika pamene ankayembekezeka. Ndipo mndandanda suona zonse za mumtima mwa munthu. Ray Rice, amene anamusankha mu 2008, anachotsedwa mu 2014 kanema womuonetsa akumenya bwenzi lake atatuluka.

Luso lina limene masapota ankadana nalo kwambiri linali lotsanzika. Mu NFL muli malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, choncho kusunga aliyense n'kosatheka. Newsome ankati amafuna wosewera woyenera pa mtengo woyenera, ndipo mtengo ukapitirira ankatsegula chitseko. Atangopambana Super Bowl yachiwiri mu Febuluwale 2013, pogonjetsa San Francisco 49ers 34-31, anasiya Paul Kruger kupita ku Cleveland, Dannell Ellerbe ku Miami, ngakhale Ed Reed weniweniyo ku Houston, ndipo Anquan Boldin anamusinthanitsa ndi mwayi wa ndime yachisanu ndi chimodzi. Mitima ya anthu inawawa. Koma ligi imapatsa timu imene yataya osewera ambiri kuposa amene yagula mwayi wosankha woonjezera, ndipo m'zaka zake Ravens inkatolera mwayi woterewu kuposa matimu ena onse. Ankadziwa kuti ngakhale katswiri amaphonya, choncho ndi bwino kukhala ndi mipata yambiri yoyesera. Pang'ono ndi pang'ono masapota a Baltimore anayamba kuchita zimene sizichitika kawirikawiri: akamva dzina losayembekezeka ankang'ung'udza kaye, kenaka n'kuuzana kuti Ozzie timamukhulupirira.

Draft yake yomaliza, ya mu 2018 ku Arlington m'chigawo cha Texas, ndiyo imaonetsa manja ake bwino kwambiri. Anayamba ali pa nambala 16, masapota akulira owakha mpira, ndipo D.J. Moore ndi Calvin Ridley onse analipo. Iye anatsikira pa 22 posinthana ndi Buffalo, n'kutsikiranso pa 25 posinthana ndi Tennessee, uku akutolera mwayi wina wa m'ndime zotsatira. Pa 25 anatenga tight end Hayden Hurst. Ambiri anaganiza kuti usikuwo watha. Koma kuseri kwa nsanja kunali kutatsala mnyamata wa ku Louisville, Lamar Jackson, amene anapambana mphoto ya Heisman, ya wosewera wopambana m'mayunivesite, mu 2016 koma akatswiri ena a pa wailesi ankati asiye kuponya azikawakha. Ma quarterback anayi, Baker Mayfield, Sam Darnold, Josh Allen ndi Josh Rosen, anali atapita kale pofika pa nambala 10. Newsome anaimbira Philadelphia n'kugula nambala 32, yomaliza ya ndime yoyamba.

Taonani m'mene anaitungira. Sanathamangire Jackson pa 16 ngakhale ankamufuna, poti anawerenga kuti matimu a pakatipo sakufuna quarterback. Sanadikirenso mpaka m'mawa, chifukwa wosankhidwa mu ndime yoyamba timu imatha kumusunga chaka chachisanu pa kontrakiti yake yoyamba, zimene sizitheka kwa wa ndime yachiwiri. Ndipo panthawiyo quarterback Joe Flacco, amene anawapatsa chikho mu 2013, anali akadali pampando, ngati mmene Tony Jones analili mu 1996. Kunali kutchova juga ndithu, timu ina ikanatha kumulanda. Hurst nayenso sanakhalitse, anapita ku Atlanta mu 2020. Koma tsiku lotsatira, ndi mwayi umene anatolera potsika paja, Newsome anali ndi mipata yokwanira mu ndime yachitatu kutenga Mark Andrews, amene anadzaposa Hurst kutali, komanso Orlando Brown Jr., mwana wa tackle uja anali kumanja pa draft yake yoyamba.

Flacco atavulala mu Novembala 2018, Jackson analowa n'kupambana masewero 6 mwa 7 otsala. Chaka chotsatira anaponya mipira 36 yogoletsa, anathamanga mayadi 1,206, ndipo ovota onse anamusankha kukhala wosewera wopambana mu ligi. Mphotoyo anaitenganso pa masewero a 2023. Nthawi imeneyo Newsome anali atasiyira kale mpando Eric DeCosta, mmodzi mwa anyamata a malipiro ochepa aja, amene analowa ntchito ku Ravens mu 1996.