Gome la Miss Havisham

Buku la Charles Dickens lotchedwa Great Expectations lidayamba kutuluka pang'onopang'ono m'magazini ya All the Year Round mu 1860, ndipo lidasindikizidwa lathunthu mu 1861. Mwini nkhani ndi Pip, mwana wamasiye wokulira pa chipala cha mlamu wake Joe Gargery. Komabe amene amatsalira m'maganizo a woŵerenga ndi Miss Havisham.

Pa tsiku la ukwati wake, ali mkati movala, mkaziyu adalandira kalata yomukana kuchokera kwa Compeyson, mwamuna amene adangomufunira chuma. Inali mphindi 20 kuti ikwane 9 koloko, ndipo iye adaimitsa mawotchi onse a m'nyumba pa nthaŵi yomweyo. Patapita zaka zambiri, Pip akumupeza adakali m'chovala cha ukwati chimene chidachita chikasu, nsapato ili kuphazi limodzi, dzuŵa osaloŵa m'nyumbamo, keke ikuwolera pa gome pakati pa akangaude ndi makoswe.

Ambiri amati cholakwa chake nchakuti adalephera kuiŵala. Ine sindivomereza. Adamulakwiradi, ndipo palibe lamulo la Mulungu kapena la anthu lolamula wolakwiridwa kuti afafanize chimene chidamuchitikira. Chimene Dickens akutiwonetsa nchoopsa kuposa apo: chilonda chasanduka chipembedzo. Pali chovala chake, ora lake, ngakhalenso mdipiti wake, pakuti Pip amaitanidwa kuti azimuyendetsa mozungulira gome lija. Pali tsiku la chikumbutso chaka ndi chaka, pamene abale ake osirira chuma amabwera kudzamuwona, ndipo iye adaŵaloza kale malo amene aliyense adzaime akadzamugoneka pa gomepo atamwalira.

Ife amene timaima pa guwa, kapena tikukonzekera kudzatero, sitingaŵerenge zimenezi mosakhudzidwa. Nafenso tili ndi gome la chikumbutso, ndipo chimene timakumbukira ndi usiku umene Munthu wosalakwa adaperekedwa ndi bwenzi lake. Koma pa gome lathu chikumbutsocho chimanyemedwa nkugaŵidwa kuti anthu adye. Pa gome la Miss Havisham amadya ndi makoswe okha. (Amene sadaiŵale Chilatini chawo adziŵa kuti dzina la nyumbayo, Satis, litanthauza kuti zakwana. Dickens sadalisankhe mwangozi.)

Chipembedzo chotere chimafuna nsembe, ndipo nsembe yake ndi mwana. Estella adabwera m'nyumbamo ali wamng'ono kwambiri, atamubweretsa loya Jaggers. Miss Havisham akuvomera yekha kuti poyamba adangofuna kumuteteza ku tsoka longa lake, koma ataona kukongola kwake adamusula kuti akhale mkondo wolasira amuna. M'mera mpoyamba: atakula, Estella alibe chikondi choti apatse ngakhale womulera yemweyo, ndipo mayiyo akudabwa ndi chimene adabzala yekha.

Nanga adamasuka bwanji? Apa mpamene bukuli lipambana maulaliki athu ambiri. Palibe amene adamuuza kuti aiŵale, ndiponso sitimva paliponse kuti adakhululukira Compeyson. Chidachitika nchakuti Estella adauza Pip kuti akwatiwa ndi Bentley Drummle, munthu wankhanza, ndipo Pip adatulutsa zonse za kumtima kwake Miss Havisham akumva. M'mau a mnyamatayo mayiyo adamva ululu wake womwe uja, koma tsopano woubweretsa anali iye mwini. Amene kwa zaka zonsezo ankadziŵerengera ngati mwini ngongole adadzipeza ali wangongole. Pa ulendo wotsatira wa Pip adamugwadira, napempha kuti tsiku lina adzalembe pansi pa dzina lake kuti wamukhululukira. Pip, amene nayenso anali atanyoza Joe chifukwa cha umphaŵi wake, sadathe kumukana. Wansembe amene wakhalapo nthaŵi m'kanyumba kolapira adzazindikira njira imeneyi.

Za moto umene udagwira chovala chake tsiku lomwelo, ndiyenera kunena kuti Dickens adaonjeza mchere. Munthu wangolapa kumene, moto ngwachiyani? Chikhalirecho pali kanthu kamodzi kamene kamandibweza. Pozimitsa motowo, Pip adakoka nsalu ya pa gome, zowola zonse nkugwa pansi, iye nkupsa manja. Gome lidayeretsedwa ndi munthu amene mayiyo adamulakwira, ndipo pomwepo mpamene adamugoneka.

Mathero a bukuli alipo aŵiri. M'oyamba, Pip akumana ndi Estella mwangozi mu msewu wa Piccadilly ku London, Drummle atafa, iye atakwatiwanso ndi dokotala. Apatsana moni nkusiyana. Mnzake Edward Bulwer-Lytton adakopa Dickens kuti asinthe, ndipo m'mathero amene adasindikizidwa aŵiriŵa akumana pa bwinja la Satis, patapita zaka 11, natulukamo atagwirana manja. Bwinjalo ndi chithunzi chokongola, sindikana. Koma chikondi cha Pip pa Estella chidabadwira m'chipinda cha mawotchi oima, ndipo kumubwezera Estella kuli ngati kumusiyira wotchi imodzi yosayenda. Ine ndikadasunga mathero oyamba aja, m'mene Pip aona ngolo ya Estella ikupita, iye nkupitiriza ulendo wake atagwira dzanja la mwana wa Joe.