Kamera ya Sciamma Inaima Pakhomo

Filimu ya Céline Sciamma yotchedwa Bande de filles, ya mu 2014, imayamba ndi phokoso. Atsikana akuchokera kumpira usiku, akuseka, aliyense akulankhula zake. Atangolowa pakati pa nyumba zosanjikizana za kwawo, kunja kwa Paris, n'kuona anyamata atakhala panja, onse amangoti zii. Kenako amapatukana mmodzimmodzi mpaka mwini nkhani, Marieme, kutsala yekha. Palibe wanena kuti atsikanawa amakhala mwamantha, koma khutu lamva kale.

Ambiri anaiyamikira filimuyi poti atsikana anayi otsogolera seweroli onse ndi akuda, zomwe zinali zosowa m'mafilimu a ku France. Kuyamikako n'koyenera. Koma ine ndimayang'ana kwambiri nthawi imene kamera yapatsa munthu aliyense, komanso chimene yamulola kukhala.

Pa atsikanawa Sciamma sanaumire. M'chipinda cha hotela, atavala madiresi okuba m'sitolo, amavina nyimbo ya Rihanna ya Diamonds mpaka kutha, osaidula. Wojambula Crystel Fournier anawathira kuwala kwa buluu, khungu lawo n'kumawala bwino lomwe. Marieme, yemwe mbali yake akusewera ndi Karidja Touré, amayamba waonerera ali pabedi, nkhope ikumasuka pang'onopang'ono, kenako amadzuka kukalowa m'gule. Pamenepa sitikuona "vuto la achinyamata" ayi. Tikuona ana akusangalala.

Tikalowa kunyumba kwa Marieme, diso lija limafooka. Mayi ake, omwe amagwira ntchito yokolopa, amangodutsa ndi mawu ochepa. Mlongo wake Djibril timamudziwa makamaka ndi kuopseza ndi kumenya. Ndipo mtsikanayu akathawa pakhomo, nkhani imamutengera kwa wogulitsa mankhwala osokoneza bongo, njira yomweyo imene nkhani za m'madera amenewa zimakonda kudzera. Sciamma ndi mzungu, ndipo umenewo si mlandu. Koma zikuoneka kuti utsikana ankaudziwa, banja lotereli sankalidziwa.

Kusiyana kwake kumaoneka mu filimu ya Saint Omer ya Alice Diop, ya mu 2022, yomwe inapata mphoto ku Venice. Diop, wobadwa kwa makolo a ku Senegal, amaimika kamera pankhope ya Guslagie Malanda kwa nthawi yaitali m'khoti. Mayi yemwe Malanda akusewera, woimbidwa mlandu wopha mwana wake, amalankhula Chifalansa chakuya, amadzitsutsa yekha, ndipo amatisiya osamumvetsa. Mayi ake nawo ali pomwepo, ndi kunyada kwawo komanso manyazi awo.

Mu 2018, Touré ndi mnzake wa mu Bande de filles, Assa Sylla, anali m'gulu la azisudzo achikazi akuda 16 omwe analemba buku la Noire n'est pas mon métier, lodandaula za mbali zopapatiza zomwe amapatsidwa. Bande de filles ndi filimu yabwino yoyenera kuionera, koma banja la Marieme inalimana chilungamo chomwe inapatsa atsikana aja.